Paipi yonyezimira ndi kawaya ka mu Mustang

Ku America, munthu akagula Ford Mustang yakale ya injini ya 5.0, manja amayamba kumuyabwa akangoona bokosi lakuda lapulasitiki losunga sefa ya mpweya. Amalizula n'kuikapo paipi yonyezimira yokhala ndi sefa yapoyera kunsonga. Akaponda moto injini imabangula mokoma, iye n'kumati mphamvu zachuluka. Ine ndimakayika, ndipo chondikayikitsa ndi kawaya kopyapyala kamene ambiri sakadziwa n'komwe.

Magalimoto aukali a m'ma 1960, monga Pontiac GTO ya 1964, ankayendera kabureta: mpweya podutsa unkadzikokera wokha petulo. Pofika 1986, Mustang 5.0 inali itasiyiratu kabureta, petulo akupoperedwa ndi mainjekita olamulidwa ndi kompyuta yotchedwa EEC-IV. Kuti petulo apse bwino, galamu imodzi imafuna magalamu pafupifupi 14.7 a mpweya. Koma kompyuta siuona mpweyawo. Imangokhulupirira zimene masensa aiuza.

Poyamba inkachita kuyerekeza. Njira ya speed density imayeza mphamvu imene injini ikukokera mpweya m'manifodi, kuthamanga kwa injini ndi kutentha, kenako n'kuyang'ana pa mndandanda umene analemberatu kufakitale. Mndandandawo ndi wa injini yosasinthidwa. Kusintha sefa yokha sikuisokoneza kwenikweni, koma mukaika camshaft yaukali, kompyuta imaganiza kuti galimoto yasenza katundu pamene yangoima. Imathira petulo wambiri, mapulagi n'kuda mwaye, injini n'kumakwera ndi kutsika yokha.

Mu 1988 ma Mustang ogulitsidwa ku California analandira sensa ya MAF, ndipo mu 1989 onse anatsatira. Apa ndi pamene pali kawaya kaja. Magetsi amakatenthetsa, mpweya wodutsa umakaziziritsa, ndipo magetsi ofunika kuti kakhalebe kotentha ndiwo amasonyeza kulemera kwa mpweya wolowa. Chodabwitsa n'chakuti General Motors inalowera kwina: Camaro ndi Firebird za injini ya TPI zinali ndi MAF kuyambira 1985 mpaka 1989, kenako mu 1990 zinaisiya n'kutenga speed density. Choncho musanagule chilichonse, dziwani chaka cha galimoto yanu.

MAF ya Mustang siyeza mpweya wonse. Imangolawa pang'ono wodutsa m'kamphako kapambali, ngati mayi wolawa mchere wa ndiwo pa chikombe, ndipo kompyuta imawerengera wotsalawo poganiza kuti ukuyenda mmene unkayendera m'bokosi lakufakitale. Mukapinda paipi pafupi ndi sensa, kapena sefa ikakhala poti fani ya radiyeta ikuipemerera, mpweya umafika ukuzungulirazungulira, kawaya n'kunena zabodza. Ena amachotsa MAF ya mamilimita 55 n'kuikapo yaikulu osaigwirizanitsa ndi mainjekita ndi kompyuta. Mpweya wodutsa pa kawaya umachepa, kompyuta imaumira petulo, injini imatentha n'kuyamba kugogoda. Sefa zathonje zopaka mafuta nazo zimafuna dzanja lodziletsa; mukathira ochuluka pozitsuka, kawaya kangathe kuda. Kotere amakatsuka ndi mankhwala ake opopera, osakakhudza ndi chala kapena nsanza.

Palinso kutentha. Mpweya wozizira ndi wolemera, ndiye uli ndi okosijeni wambiri. Amakaniko amawerengera kuti ukatentha ndi madigiri 5 kapena 6, mphamvu imatsika ndi pafupifupi 1 peresenti. Bokosi lonyozeka lija linkakoka mpweya kumbali, m'kati mwa chitsulo chophimba tayala lakutsogolo, kutali ndi injini. Sefa yapoyera pansi pa boneti imapuma chifundizi cha radiyeta ndi ekizozi, makamaka galimoto ikaima pa maloboti. N'chifukwa chake mapaipi opangidwa mwanzeru amabwezera sefa kumbali komweko.

Ikadakhala yanga, ndikadasiya bokosilo, n'kuchotsa kachipangizo kochepetsa phokoso kamene kali kuseri kwake, n'kuika sefa yabwino yaphwatalala. Pa injini ya 1987 ya mahosipawa 225, paipi yokha imawonjezera ochepa kwambiri, oti msana wa dalaivala sungawamve. Pothinana penipeni ndi m'manifodi ndi m'mahedi achitsulo a E7TE, ndipo kusintha zimenezo kumadya ndalama zoposa kutali mtengo wa paipi.