Njanji ya pa Zipilala ku Delhi: Amagamula Ndani Kumene Idutse?

Wamalonda wa ku Delhi, likulu la India, akamalondolera munthu kumene kuli sitolo yake, kawirikawiri amangotchula nambala ya chipilala cha Metro chimene chili pafupi ndi khomo lake. Zipilala za konkire zimenezi zandanda pakati pa misewu ikuluikulu, chilichonse ndi nambala yake, ndipo pamwamba pake pagona mlatho wautali woyendapo sitima zamagetsi. Pansi magalimoto ndi njinga zamoto zili pikitipikiti, pamwamba sitima ikungodutsa. Komatu chipilala sichimera chokha ngati bowa. Alipo amene anagamula kuti pano njanji ikwere m'mwamba, apo ilowe pansi pa nthaka. Chigamulo chotere si cha mainjiniya okha, chifukwa ndicho chimanena kumene ndalama za msonkho zikathere, ndiponso amene adzagone pafupi ndi phokoso.

Ntchitoyi ili m'manja mwa Delhi Metro Rail Corporation, kampani imene inakhazikitsidwa mu 1995. Eni ake ndi boma lalikulu la India ndi boma la Delhi, aliyense theka. Njira yatsopano isanayambe kumangidwa, akatswiri amalemba lipoti la pulani yonse: modutsa njanji, poima masiteshoni, anthu amene akuyembekezeka kukwera, malo amene adzatengedwe, ndi ndalama zofunika. Lipotilo likavomerezedwa ndi boma la Delhi, limapita kwa nduna za boma lalikulu. Ndalama zambiri zomangira gawo loyamba la Metro zinali ngongole ya chiwongoladzanja chochepa yochokera ku Japan. Kumanga kukatha, sitima sinyamula munthu kufikira mkulu woona za chitetezo cha njanji, amene salamulidwa ndi kampaniyo, atayendera njira yonse n'kupereka chilolezo. Nakonso kukweza mtengo wa tikiti kumadzera m'komiti yapadera yotsogoleredwa ndi woweruza wa khothi lalikulu, wogwirabe ntchito kapena wopuma. Pa masitepe onsewa, loyamba lija ndilo lolemera, pakuti funso la pamwamba kapena pansi limayankhidwa m'lipoti muja.

Chimene chimakokera njanji m'mwamba ndi mtengo. Kilomita imodzi ya pansi pa nthaka imadya ndalama zimene zikanamanga makilomita awiri kapena atatu pa zipilala. Pansi pamafunika makina oboola nthaka, zopopa madzi, zolowetsa mpweya ndi nyale zoyaka usana ndi usiku. Pamwamba zidutswa za mlatho zimaumbidwira kwina, n'kubwera pa malole usiku msewu uli zii, kenako amazikweza ndi kuzimanga pamodzi ndi zingwe zachitsulo. Kumanga kunayamba mu 1998, ndipo mu December 2002 sitima zinayamba kuyenda pakati pa Shahdara ndi Tis Hazari, mtunda wa makilomita pafupifupi 8 wowoloka mtsinje wa Yamuna. Chigawo choyamba cha pansi chinadikira mpaka December 2004. Pa makilomita pafupifupi 65 a gawo loyamba, 13 okha ndiwo anali a pansi. Akanati aboole njira yonse, ndalamazo zikanathera pakati pa mzinda, ndipo wogwira ntchito wokhala kutali, amene ndiye amavutika kwambiri ndi ulendo wam'mawa, akanatsala pa depoti ya basi.

Otsutsa ali ndi mfundo zosati n'kuzinyoza. Sitima imalira pa ngodya, mlatho umaphimba dzuwa, okwera amasuzumira m'mazenera a eni nyumba, ndipo mitengo ya m'mbali mwa msewu imagwa. Palinso ngozi pomanga: pa 12 July 2009, ku Zamrudpur, chigawo cha mlatho chinagwa n'kupha anthu 6, moti mkulu wa kampaniyo, E. Sreedharan, anapereka kalata yotula pansi udindo, ngakhale boma la Delhi linaikana. Walira mvula walira matope, inde, koma matope ena amapeweka. Phokoso limachepa ndi makoma otchinga ndi kusamala njanji, ndipo ngozi ya pomanga imadza ndi pulani yolakwika kapena kuyang'anira mwaulesi, zinthu zimene zingaphenso anthu m'dzenje. Zimenezi zikutiuza kuti omanga aziyang'aniridwa mosanyengerera. Sizikutiuza kuti zipilala zilekeke.

Dandaulo lobaya kwambiri ndi lakuti olemera ndiwo amapatsidwa njanji yobisika, osauka n'kutsala ndi mthunzi wa konkire. Apa m'pamene malamulo ayenera kuonekera poyera. Ku Chawri Bazar, mu Delhi wakale, tinjira n'topanikizika moti chipilala chilibe poima, ndiye siteshoni yake ili pansi penipeni. Lamulo la India loteteza malo ndi nyumba zamakedzana limaletsanso kumanga pa mtunda wa mamita 100 kuchokera pamalo otetezedwa. Zifukwa zotere munthu aliyense angaziyeze ndi tepi. Chimene sichiyezeka, ndipo sichiyenera kuloledwa, ndi chakuti dera lakuti kumakhala mabwana. Muyeso ukakhala umodzi kwa onse, njanji ya m'mwamba ndi chilungamo. Ukakhala wa nkhope, ndi tsankho loumbidwa ndi simenti.

Nzika ya ku Delhi ili nazo zogwirira. Lamulo la 2005 la ufulu wopeza uthenga limailola kupempha zikalata za bungwe la boma ndi kufunsa chifukwa chimene msewu wake waikidwira zipilala. Lamulo la Delhi la 1994 limafuna chilolezo mtengo usanadulidwe. Makhothi nawonso ali potsegula. Koma zonsezi zimathandiza njira ikadali mzere wa pa pepala, pamene kusuntha siteshoni kumangofuna cholembera. Konkire ikauma, chipilala chidzaima pakhomopo kufikira adzukulu, n'kusanduka adiresi yawo. N'chifukwa chake wofunira mzinda wake zabwino amawerenga lipoti lija lisanafike kwa nduna, pakuti kuwongola mtengo m'poyamba.