Malaiti Akapita, Yang'anani Kumwamba

Ambili a ife timanyamuka m'mamawa kuthamangila basi, n'kubwelela kunyumba kwada, maso ali pa foni olo pa chenji ya kondakitala. Kumwamba sitiyang'anako. Koma load shedding ya 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba, inationetsa cinthu cimodzi: malaiti akazima m'komboni, nyenyezi za pa Lusaka zimaoneka mbee!

Manje kunabwela tumakina tojambulila nyenyezi, tumene ati ma smart telescope. Kodziwika maningi ni ka Seestar S50, kopangidwa ni kampani ya ku China ya ZWO, kamene kanatuluka mu 2023. Ni kopepuka, makilo atatu cabe, ndipo mungakafukate pamiyendo mu minibasi.

Kalibe poikapo diso. Mumakaimika panja, n'kukalumikiza ku foni, n'kusankha cimene mufuna kujambula. Kamayamba kaona nyenyezi zili pamwamba panu, kadziwa pamene kaloza, n'kutembenuka kokha. Kenaka kamajambula zithunzi za masekondi 10, n'kumazisanjikiza cina pa cinzake. Pakapita mphindi zingapo, pamene maso anaona mdima cabe pamatulukila mtambo wa mitundu. Wa Orion Nebula, kuwala kwake kwayenda zaka zoposa 1,300 kuti kufike pa foni yanu.

Ife tili ni mwayi. Lusaka ili madigili 15 kum'mwela kwa Equator, conco timaona Southern Cross, Magellanic Clouds ni Omega Centauri, gulu la nyenyezi mamiliyoni. Wa ku London izi sazionako. Nthawi yabwino ni May mpaka July, kumwamba kukayela. Kuyambila August utsi wa moto wa m'thengo ni fumbi zimasokoneza, November mvula. Pewani masiku a mwezi wathunthu. Mukatalikilako magetsi a m'tauni, monga ca ku Chongwe, zithunzi zimatuluka bwino kwambili.

Vuto ni mtengo. Kanatuluka pa madola pafupifupi 500, osawelengela msonkho ni zotumizila. M'komboni iyo ni lendi ya miyezi ingapo. Koma ngati cilimba cimagula filiji, cingalephele kugulila sukulu kamodzi kuti ana azisinthana?

Cenjezo: osakalozetsa ku dzuwa popanda sefa yake, cifukwa kadzapsa mkati. Inunso osayang'ana dzuwa ni maso. Amene anaona kadamsana wa pa 21 June 2001 akumbukila magalasi aja.

Mu 1964 anthu anaseka a Edward Mukuka Nkoloso atanena zotumiza Mzambia kumwezi. Lelo mwana wa ku Chawama angaujambule mwezi umenewo ali pakhomo. Ngati ndalama kulibe, yambani ni maso, ni aulele. Nthanda ija imawala kum'mawa nyengo zina si nyenyezi ai, ni pulaneti Venus. Muuzeko amene mwakhala naye pa mpando.