Ulendo wa Chovala: Kuchokera ku Munda wa Thonje Kufikira pa Mulu wa Kaunjika

Mawu akuti kaunjika ndi odziwika kwa mwana aliyense wa sukulu m'Malawi, ndipo tsinde lake silivuta kulipeza. Achokera ku mneni woti kuunjika, pakuti wogulitsa saika zovalazo pa alumali monga achitira a m'sitolo, koma amaziunjika pa chiguduli, ndipo wogula amafukula yekha. Ku Zambia malonda omwewa amatchedwa salaula, mawu a Chibemba onena za kusankha pa mulu. Ku Kenya ndi ku Tanzania amati mitumba, ndiko kuti mitolo. Ku Ghana amati obroni wawu, kutanthauza kuti mzungu wamwalira, chifukwa anthu a kumeneko poyamba sadakhulupirire kuti munthu wamoyo angataye zovala zabwino chotere. Tsono mphunzitsi wofuna kulongosolera ana za malonda a maiko ndi za kasamalidwe ka chilengedwe sasowa chitsanzo, popeza ana ambiri a m'kalasi mwake achivala pathupi.

Mavalidwe a makolo

Kale makolo ankavala zikopa ndi nyanda, imene ena amaitcha chiwondo. Ankafundula khungwa la mombo, naliviika m'madzi, nalimenya ndi kanyundo ka mtengo kufikira litafewa ndi kutambasuka. Kumadera otentha kudalinso nsalu ya thonje. Pamene David Livingstone adakwera mtsinje wa Shire mu 1859, adapeza Amang'anja akulima thonje, akupota ulusi ndi kuwomba nsalu m'midzi mwawo, ndipo adalemba maina a mitundu yake, thonje kaja la komweko ndi thonje manga lochokera kunja.

Nsalu yotere inkadya masiku ambiri a ntchito, kotero kuti munthu sankaitaya mwachisawawa. Khalidwe limeneli lidapitirira ngakhale nsalu za m'sitolo zitafika, ndipo chinenero chasunga umboni wake. Malaya akang'ambika ankaikidwa chigamba; akachepa ankapatsidwa kwa mng'ono; akasanduka sanza ankapindidwa kukhala nkhata yosenzera mtsuko. Chovala chimodzi chinkatumikira banja kufikira ulusi wake wotsiriza.

Zovala za nyengo imodzi

M'maiko olemera zinthu zidatembenuka. Makampani monga Zara, H&M ndi Shein amatulutsa masitayilo atsopano pa masabata owerengeka okha, nawagulitsa pa mtengo wotsika, ndipo malonda otere amatchedwa fast fashion. Phindu lawo lagona pa kuti wogula abwerenso msanga. Chifukwa chake chovala chimasokedwa mwachangu ndi nsalu yopyapyala, ndipo otsatsa malonda amauza achinyamata kuti cha chaka chatha chatha ntchito. Lipoti la bungwe la Ellen MacArthur Foundation la 2017 lidaonetsa kuti zovala zopangidwa pa dziko lonse zidachuluka kawiri pakati pa 2000 ndi 2015, pamene nthawi zimene munthu amavala chovala asanachitaye zidachepa ndi magawo 36 pa 100 alionse. Lipoti lomwelo lidati nsalu yakale imene imabwerera kukasanduka chovala chatsopano siikwana ngakhale gawo limodzi pa 100.

Akale adati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mtengo wotsika wa m'sitolo uli ndi ngongole imene amalipira ena, ndipo ngongoleyo ili patatu.

Yoyamba ndi ya madzi. Thonje limamwa kwambiri, ndipo akatswiri amayerekeza kuti sikipa imodzi ya thonje imafuna malita okwana ngati 2,700, kuyambira kumunda kufikira kufakitale. Chitsanzo chowopsa ndi Nyanja ya Aral, pakati pa Kazakhstan ndi Uzbekistan. Mu 1960 kukula kwake kudali pafupifupi makilomita 68,000 m'bwalo lake lonse, kuposa Nyanja ya Malawi kawiri. Boma la Soviet Union lidapatutsa mitsinje iwiri yothira m'nyanjayo, Amu Darya ndi Syr Darya, kuti ithirire minda ya thonje m'chipululu. Nyanjayo idaphwa pang'onopang'ono, nsomba zidafa ndi mchere, ndipo pa doko lakale la Moynaq ngalawa za asodzi zidatsala pa mchenga. Mu 2014 chigawo cha kum'mawa cha nyanja ya kumwera chidauma chonse.

Yachiwiri ndi ya dothi ndi nyanja. Zovala zambiri za masiku ano si za thonje koma za poliyesita, ulusi wopangidwa kuchokera ku mafuta okumbidwa pansi, umene J. R. Whinfield ndi J. T. Dickson adaupeza ku England mu 1941. Poliyesita ndi mbale wake wa pulasitiki. Ikakwiriridwa siwola monga thonje, ikatenthedwa imatulutsa utsi woipa, ndipo pochapa imathothoka tiulusi tosaoneka ndi maso timene timatsata madzi kukalowa m'mitsinje ndi m'mimba mwa nsomba.

Yachitatu ndi ya anthu. Kuti mtengo utsike, ntchito yosoka idasamukira kumene malipiro ali ochepa. Pa 24 April 2013 nyumba yosanja yotchedwa Rana Plaza, pafupi ndi mzinda wa Dhaka ku Bangladesh, idagwa nipha anthu 1,134, ambiri a iwo akazi osoka zovala zopita ku Ulaya ndi ku America. Ming'alu idaoneka dzulo lake, komabe antchito adauzidwa kuti alowe.

Njira ya belo

Munthu wa ku London akatopa ndi diresi lake amaliponya m'bokosi la bungwe lachifundo. Masitolo a mabungwe otere sangathe kugulitsa zonse zimene alandira, choncho zambiri zimagulidwa ndi amalonda amene amazisankha, nazipanikiza m'mabelo, ambiri a makilogalamu 45, nazikweza m'zombo. Zobwera ku Malawi zimadzera pa madoko monga Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Wamalonda wamng'ono amagula belo lomanga, osaona za mkati, ndipo tsiku lotsegula ndilo limamuuza ngati wapindula kapena wagwa. Popeza zovala za nyengo imodzi ndi zosalimba, gawo la zosagulika limakula. Pa msika wa Kantamanto ku Accra, umene udapsa ndi moto waukulu mu January 2025, bungwe la Or Foundation lidayerekeza kuti pankafika zovala 15 miliyoni pa sabata, ndipo magawo 40 pa 100 alionse ankatuluka monga zinyalala, natseka ngalande ndi kuunjikana m'mbali mwa nyanja.

Ubwino ndi vuto lake

Mphunzitsi asafulumire kuweruza, pakuti nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri. Kaunjika amaveka osauka, amapatsa ntchito amayi ndi anyamata ambiri, ndiponso amatalikitsa moyo wa chovala chimene chikadatayidwa. Komabe mafakitale a nsalu a kuno adavutika. Fakitale ya David Whitehead and Sons ku Blantyre, imene inkawomba thonje la alimi a ku Chikwawa, Nsanje, Balaka ndi Salima, idalowa pansi kufikira idagulitsidwa kwa Mapeto mu 2003, ndipo ya Mulungushi ku Kabwe m'Zambia idaima mu 2007. Kaunjika sadali yekha pa mlanduwu; padalinso nsalu zatsopano zotsika mtengo za ku Asia, makina okalamba ndi kutsegulidwa kwa malire a malonda. Zotsatira zake nzakuti thonje lambiri limatuluka m'dziko losawombedwa, ndipo ntchito yopota, yowomba ndi yosoka imapindulira ena.

Mu 2016 maiko a East African Community adapangana zoletsa kaunjika pofika 2019. United States idaopseza kuwachotsera mwayi wa malonda wa pansi pa lamulo la AGOA, ndipo Kenya, Tanzania ndi Uganda adabwerera m'mbuyo. Rwanda yokha idalimbikira, itakweza msonkho kuchoka pa masenti 20 kufika pa madola 2.50 pa kilogalamu, ndipo mu 2018 idalandidwa mwayi wogulitsa zovala zake ku America popanda msonkho.

Gawo la wogula ndi la mphunzitsi

Malamulo a malonda ali m'manja mwa maboma, koma wogula naye ali ndi mphamvu yake. Chovala chovalidwa zaka zinayi m'malo mwa ziwiri chimapulumutsa madzi ndi ntchito ya chovala china chathunthu. Wogula wanzeru amayang'ana msoko ndi kulimba kwa nsalu asanayang'ane maluwa ake, amawerenga kachikwangwani ka m'khosi kuti adziwe ulusi wake, ndipo amapita kwa telala wa pakhonde chovala chisanang'ambike kotheratu.

M'mera mpoyamba, ndipo zizolowezi zotere zimabzalidwa m'kalasi. Pa phunziro la Chichewa ana angasonkhanitse kwa agogo awo mawu a mavalidwe, monga nyanda, chilundu, biliwita ndi mpango, nalemba tanthauzo la lililonse. Pa phunziro la maiko angawerenge maina olembedwa m'makhosi a malaya awo, nawapeza pa mapu. Pa masamu angawerengere mtengo wa kuvala kamodzi: malaya a K6,000 ovalidwa ka 20 amadya K300 pa tsiku, pamene a K15,000 ovalidwa ka 150 amadya K100 yokha. Pa ntchito za manja anyamata ndi atsikana omwe aphunzire kusokerera batani ndi kuika chigamba.

Chinthu chimodzi mphunzitsi achisamale koposa. M'kalasi mwake mudzakhala ana amene makolo awo amadya za kaunjika, ndi ena amene alibe chovala china koma cha zigamba. Asalole kuti phunziroli lisanduke chitonzo kwa iwo. Mwana wa chigamba ndiye ayenera kuitanidwa kutsogolo kuti aonetse anzake mmene msoko wolimba usokedwera.