Nambala ya pa thumba la simenti ili ndi tanthauzo

Zokolola zikagulitsidwa, alimi ambiri a ku Ulongwe, Domue ndi Tsangano amatenga ndalama za mbatatesi ndi chimanga kukagula simenti, zitsulo ndi malata. Koma ndi ochepa amene amayang'ana nambala yolembedwa pa thumba la simenti, 32.5 kapena 42.5. Nambalayi si mtengo ayi, ndiponso si kulemera kwa thumbalo. Ikunena mphamvu ya simentiyo, ndipo imapezeka poyesa ndi makina.

Makinawa amatha kukoka chinthu komanso kuchipsinja mpaka chitathyoka, uku akulemba mphamvu imene yachithyola. Mmodzi mwa anthu oyamba kupanga makina otere anali Tinius Olsen, mumzinda wa Philadelphia ku America, m'chaka cha 1880. Kuno ku Mozambique ntchito yoyesa zomangira imagwiridwa ndi Laboratório de Engenharia de Moçambique ku Maputo, pamene ku Malawi kuli bungwe la Malawi Bureau of Standards ku Blantyre, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1972.

Poyesa simenti, akatswiri amaisakaniza ndi mchenga ndi madzi pa muyeso wake, nkuumba tinjerwa ting'onoting'ono. Tinjerwato amatisunga m'madzi kufikira masiku 28 atakwana, kenaka amatipsinja. Simenti ya 32.5 iyenera kupirira makilogalamu oposa 330 pa kamalo kakang'ono ngati chikhadabo, komwe ndi kulemera koposa matumba asanu ndi limodzi a chimanga. Ya 42.5 imapirira makilogalamu oposa 430.

Chitsulo chomangira ndiye amachipana mbali zonse ziwiri nkuchikoka. Cha mamilimita 12 chimayamba kutamuka mphamvu yokoka ikafika pafupifupi matani asanu. Chitsulo chabwino chimayamba chatamuka chisanaduke, motero nyumba imaonetsa ming'alu anthu nkuthawamo. Chachabechabe chimangoti phwa! osachenjeza.

Pomanga milatho ikuluikulu, monga wa Kassuende umene udatsegulidwa pa mtsinje wa Zambezi ku Tete mu 2014, konkire ndi zitsulo zimayenera kuyesedwa motere. Kumudzi makinawa kulibe, koma phunziro lake ndi lomwelo: simenti imafika pa mphamvu yake ikapatsidwa muyeso woyenera, madzi ndi nthawi.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Ena amachulutsa mchenga kuti thumba limodzi litulutse njerwa zambiri. Ena amathira madzi ochuluka kuti matope afewe, osadziwa kuti akuichotsera mphamvu. Enanso amaumba lero, mawa nkuyamba kumangira. Nyumba yotere imaoneka yokongola m'chilimwe, koma mvula ya Januwale ikalimbika, khoma limagwera ana ali mtulo, ndalama za chaka chonse nkulowa m'madzi.

Mwininyumba ayenera kukana simenti imene yagwirana mibulu, chifukwa idalowa chinyontho. Mchenga ukhale wopanda dothi. Konkire ndi njerwa zasimenti zizithiriridwa madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku osachepera asanu ndi awiri, ndi kuziphimba ndi udzu kapena masaka. Njerwa zootcha aziombanitse ziwiri: yakupsa bwino imalira ngwee, yosapsa imangoti phu.

Akatswiri amadikira masiku 28 asanakhulupirire simenti yawo. Mmisiri wa kumudzi naye augwire mtima, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.