Moyo wa Wachinyamata Akamuika Mfundo Yopanga M'chiuno Kapena M'bondo

Ambiri amayesa kuti kutha kwa mafupa a m'chiuno ndi m'mawondo ndi vuto la nkhalamba zokha. Komatu limagweranso achinyamata, makamaka pambuyo pa ngozi ya pamsewu, kapena magazi akaleka kufika kumutu kwa fupa la ntchafu, monga zimachitikira odwala sickle cell.

Mu 1962 Dokotala John Charnley wa ku England adakonza mfundo ya m'chiuno ya chitsulo ndi pulasitiki yoloŵa m'malo mwa yowonongeka, ndipo pambuyo pake zidabweranso za m'bondo. Amene waikidwa mfundo yotere ululu umamchepera, amapeza tulo, nabwerera kuntchito yake.

Komabe chopanga munthu chimatha. Kafukufuku wofalitsidwa mu The Lancet mu 2019 adapeza kuti mwa mfundo za m'chiuno 100, pafupifupi 58 zimafika zaka 25. Za m'bondo ndi 82. Choncho munthu wa zaka 30 ayembekezere opaleshoni yachiŵiri, yovuta kuposa yoyamba.

Nchifukwa chake madokotala amalangiza kuyenda ndi kupalasa njinga, koma kupeŵa kudumpha ndi kusenza matumba olemera. Pamene padang'ambidwa pakatupa kapena kutuluka mafinya, wodwalayo afike kuchipatala msanga.