Momwe akatswiri amayesera malangizo a zida za AI

Mapulogalamu a AI otchedwa agent sangoyankha mafunso ayi, amagwiranso ntchito. Amafufuza m'mafayilo, amatumiza imelo, amasungitsa malo m'ndege. Pochita zimenezi amadalira zida, zomwe ndi mapulogalamu ena ang'onoang'ono olembedwa ndi anthu. Agent saona m'kati mwa chida. Chimene amadziwa ndi zokhazo zimene mwini chida analemba: dzina lake, ntchito yake ndi zoyenera kuikamo. Malangizowo akakhala osamveka, chida chabwinobwino chimagwiritsidwa ntchito molakwika.

Njira yopatsa AI zida inafala mu Juni 2023, kampani ya OpenAI itayambitsa function calling, yomwe imalola AI kuitana zida. Mu Novembala 2024 kampani ya Anthropic inatulutsa Model Context Protocol, mwachidule MCP, yomwe ndi ndondomeko imodzi yolumikizira zida ku AI, ndipo OpenAI inayamba kuitsatira mu Malichi 2025. Pa ndondomekoyi chida chilichonse chimakhala ndi dzina, mawu ofotokoza ntchito yake, ndi mndandanda wa zoikamo wolembedwa mu JSON Schema. Zitatuzi ndizo woyesa malangizo amaziunika.

Choyamba amaona ngati cholinga cha chida chikumveka. Sitolo ikhoza kukhala ndi zida ziwiri, china chofufuza mayina a makasitomala, china chofufuza katundu amene agulidwa. Zonse zikangolembedwa kuti "chimafufuza", agent amangosankha mwachimbulimbuli. Malangizo abwino amanena chimene chida chimachita, nthawi yochigwiritsa ntchito, komanso nthawi yochisiya n'kutenga chinzake.

Chachiwiri ndi zoikamo. Tsiku lolembedwa 03/04/2025 ku America limatanthauza 4 Malichi, pomwe ku Britain ndi 3 Epulo. Munthu akakayika amafunsa mnzake, koma agent nthawi zambiri amangolingalira yekha n'kupitiriza. N'chifukwa chake woyesa amafuna kuti malangizo atchule kalembedwe, monga ka ISO 8601 komwe kamayamba ndi chaka, kenako mwezi ndi tsiku: 2025-04-03. Ndalama nazo zitchulidwe ngati zili madola kapena masenti, ndipo padziwike zoikamo zokakamiza ndi zimene zingasiyidwe.

Chachitatu, zolembedwa zigwirizane ndi zimene chida chimachitadi. Vutoli ndi lakale kuposa AI. Mu 1999 bungwe la NASA linataya chombo cha Mars Climate Orbiter chifukwa pulogalamu ina inkatulutsa manambala mu pound-force seconds, pomwe malangizo ankati akhale mu newton-seconds. Chida chikasinthidwa koma malangizo n'kutsala akale, agent amatsatira zakalezo mosakayika.

Uthenga wonena kuti china chalakwika umawerengedwanso ngati gawo la malangizo. Chida chongobweza nambala ya vuto chimamusiya agent m'malere, ndipo akhoza kubwereza cholakwacho kambirimbiri. Chomwe chimanena kuti tsiku lalembedwa molakwika, n'kusonyeza kalembedwe koyenera, chimamuthandiza kudzikonza yekha.

Kutalika nako kuli ndi malire. Malangizo a zida zonse amalowa m'malo ochepa omwe AI imasungira zimene ikuwerenga pa nthawi imodzi, ndipo mawu alionse amalipiridwa. Zida zikachuluka, chilichonse ndi malangizo ataliatali, malo a ntchito yeniyeni amachepa ndipo kusankha kumavuta. Woyesa amachotsa mawu obwerezabwereza koma osataya mfundo.

Palinso nkhani ya chitetezo. Mu Epulo 2025 ofufuza a Invariant Labs anasonyeza kuti munthu wa zolinga zoipa angabise malamulo m'mawu ofotokoza chida cha MCP, monga ouza agent kuwerenga mafayilo achinsinsi n'kuwatumiza kwina. AI imawerenga mawu onsewo, pomwe mwini kompyuta kawirikawiri amangoona dzina ndi chidule. Choncho malangizo a chida chochokera kwa munthu wosadziwika ayenera kuwerengedwa onse chisanalumikizidwe. Chida chofufuta zinthu kapena kutumiza ndalama chiyeneranso kunena poyera kuti zochita zake sizibwezeka.

Kuwerenga kokha sikukwanira, muyeso weniweni ndi kuyesa. Akatswiri amakonza ntchito zambiri zofanana ndi za tsiku ndi tsiku, amapatsa agent, n'kuwerenga kangati wasankha chida choyenera, kangati waikamo zolondola, ndi kangati wabwerera m'mbuyo. Kenako amasintha mawu a malangizo okha, chida osachikhudza, n'kuyesanso. Mayeso a Berkeley Function Calling Leaderboard, a ku University of California, Berkeley, amayesa luso la AI poitana zida, ndipo amaonanso ngati imadziwa kuleka pamene palibe chida choyenera ntchitoyo.

Malangizo amakhoza mayeso pokhapokha agent amene sanachionepo chidacho akachigwiritsa ntchito molondola powerenga zolembedwazo zokha. Akalephera, oyamba kukonzedwa ndi malangizowo.