Musathire tameki akhwangwala

Pa ntchito yanga yofufuza za mbalame, mawu amene amandiwawa kwambiri ndi aja amamveka kwa Chigaru anapiye akayamba kusowa: akuti akhwangwala achuluka, tingowathirira tameki m'nyama athe. Akhwangwala ake ati? Kuno tili ndi mitundu iwiri. Amene mumamuona pamsika wa Lirangwe ndi m'mbali mwa msewu wa M1, woyera pachifuwa ndi kuzungulira khosi, ife timamutcha Corvus albus. Ameneyu amatsata anthu. Amadya za kudzala, amamanga chisa m'mitengo ya bulugamu ngakhale pa nsanja za foni, ndipo ali pafupifupi paliponse kumwera kwa chipululu cha Sahara mpaka ku Madagascar. Mnzake, Corvus albicollis, ndi wakuda chifuwa chonse, woyera kuseri kwa khosi kokha, ndipo mlomo wake ndi wokhuthala, wopindika, woyera kunsonga. Amapezeka kum'mawa ndi kumwera kwa Africa kokha, m'mapiri ngati Mulanje ndi Zomba, ndipo amaswera m'matanthwe aatali.

Ena adzati bungwe la IUCN linaika onse awiri m'gulu la Least Concern, kutanthauza mbalame zimene sizili pangozi yakutha, ndiye vuto lili pati? Mndandanda umenewo umawerenga dziko lonse lapansi, suwerenga phiri limodzi. Mukapha akhwangwala a pamsika, ena amabwera kudzalowa m'malo mwawo bola zinyalala zilipo. Koma wa m'phiri amakhala awiriawiri, banja lililonse ndi thanthwe lake, ndipo matanthwe oyenera chisa ndi owerengeka. Iyenso amatsika kudzadya nyama zakufa. Nyambo yapoizoni sisankha: imapha iye, agalu, akabawi, ndipo mwana akhoza kuitola. Anapiye anu adzapitirira kusowa, phiri litataya mbalame yake.

Sindikukana kuti khwangwala amaba anapiye ndi mazira, ndipo kwa mayi amene amadalira nkhuku kuti agule sopo, kutaya kumeneko n'kwenikweni. Komabe chawachulukitsa ndi chakudya chimene timawasiyira poyera. Vindikirani anapiye ndi dengu kapena muwasunge m'khola masabata oyambirira, kwirirani matumbo ndi zotsala zapophera nyama, ndipo makomiti a misika asamalire maenje a zinyalala. Izi sizithetsa kuba konse, koma zimachepetsa. Mukaona munthu akutchera nyama yapoizoni, kauzeni amfumu kapena alangizi a ziweto.